Telala Amene Anakhala Firiji ya Mfumu

Mu ufumu wa Tavomera katundu sankasowa. Ankangochedwa, ndipo wina ankachedwa mpaka mwiniwake kumwalira. Mwana wako wa kunja akakutumizira nsapato, ku Nyumba ya Maphukusi ankakupatsa imodzi n'kukuuza kuti inzake ikubwera pambuyo, yatopa ndi ulendo. Anthu anazolowera. Zinthu zinafika poipa chaka chimene Mfumu Mlekeni Wachiwiri inaitanitsa firiji kuchokera kutsidya la nyanja, firijiyo n'kuchedwa ngati katundu wa munthu wamba.

Nduna ya Maphukusi, a Chidyeretu, anaitanidwa kubwalo la mfumu. Iwo ankadziwa bwinobwino kumene firijiyo inali, poti inali kwa mkazi wawo wamng'ono, amene ankasungiramo mbale. Koma anagwada nafotokoza kuti vuto lonse linali maso a makalaliki, omwe amatopa n'kumawerenga molakwa. Mankhwala ake, anatero, anali kuitanitsa masikana kuchokera kunja. Mkazi wamkulu wa mfumu, yemwe makutu anali atayamba kulemera, anamva ngati nduna ikufuna kuitanitsa atsikana, ndipo bwalo linaima kaye mpaka anamufotokozera kuti awa anali makina.

Makinawo anafika osachedwa, zimene zinadabwitsa ngakhale amene anawaitanitsa. Kanali kachinthu kogwira m'manja, kokhala ndi diso laling'ono ngati la kamera ya foni. Ukakaloza pa sitika ya timizere takuda imene imamatidwa pa katoni, kankajambula, kulira kuti tiii, kenako pa galasi pake pankatuluka dzina la katunduyo ndi kumene akupita. Sitika ikhale yokwinyika, yonyowa kapena yofufutika pang'ono, iko kankawerenga basi. Mfumu inazondotsa katoni ndi manja ake, kachinthuko n'kuwerengabe. Apo mfumu inaimirira n'kunena kuti chilowere ufumu inali isanaonepo wantchito wotere, wowerenga chozondoka pamene nduna zake zinkalephera choongoka, woyankha nthawi yomweyo, komanso wosafunsa alawansi.

Tsiku lomwelo lamulo linatuluka. Makinawo, amene anthu anali atawatcha kale Kadiso, salakwa. Chimene Kadiso wawerenga ndicho chilipo, chimene sanawerenge kulibe. Ndipo poti anthu nawonso amasowa, makamaka nyengo ya msonkho, aliyense wa mu Tavomera amatidwe sitika pankhongo.

Ntchito yosindikiza masitika inapatsidwa kwa mlamu wa mfumu, munthu amene chiyambire anali atasindikizapo makhadi a ukwati okha. Anasindikiza a mafumu, a nduna ndi akazi awo, inki n'kutha. A Chidyeretu sanataye mtima. Anati timizere ndi timizere, nalamula kuti masitika a anthu wamba akamatulidwe pa makatoni akale amene anaunjikana ku Nyumba ya Maphukusi. Pakati pa makatoniwo panali lina lalikulu lopanda kanthu, limene iwo anali ataiwala kuliotcha.

Etinesi Nachanza ankagulitsa tomato ndi anyezi pa Msika wa Pepani. Mwamuna wake, Yotamu Kaliwo, anali telala, ndipo makina ake ankakhala pakhonde la golosale moyang'anizana ndi benchi ya mkaziyo, kotero kuti ankatha kukangana tsiku lonse popanda wina kusiya ntchito. Awiriwa anaima pamzere limodzi ndi anzawo, namatidwa masitika awo. Palibe munthu amatha kuwerenga timizere ndi maso, choncho aliyense anabwerera kumalo kwake osadziwa chimene wasanduka.

Anadziwa pamene msilikali wina, Kopolo Dzoole, anafika mumsika ndi Kadiso wake. Wabutchala anapezeka kuti ndi katoni ya maambulera. Mkulu wa mpingo, amene ankagulitsa makala, anapezeka kuti ndi kireti ya mowa, ndipo akhristu anzake anati iwo anayamba kukayikira kalekale. Etinesi anapezeka kuti ndi misomali yopita ku sukulu ina imene boma linasiya kumanga ili pawindo. Msika wonse unali phwete. Anthu anayamba kupatsana moni ndi maina atsopanowo, wina akufunsa maambulera ngati adzuka bwino.

Kenako Kopolo anafika pakhonde la golosale. Yotamu anali ndi mapini kukamwa, tepi yoyezera ili m'khosi. Anawerama kuti amuloze pankhongo, Kadiso n'kulira. Kopolo atawerenga pa galasi anaimirira njo, namenya sawasha. Panalembedwa kuti: firiji, yopita kunyumba yachifumu, mwamsanga.

Yotamu analavula mapini aja n'kukumbutsa Kopolo kuti thalauza limene anavalalo analisoka ndi iye.

"Ine ndikukudziwani, a Kaliwo," anatero Kopolo motsitsa mawu. "Koma Kadiso sakukudziwani, ndipo pa awirife amene salakwa ndi iyeyu."

Lole inabwera. Anamukweza choimirira, chifukwa msilikali wina anamvapo kuti firiji saigoneka, namumangirira ndi zingwe kuti asagwe. Etinesi anaithamangira loleyo mpaka pa mlatho, anyezi ali m'manja, akukuwa kuti amenewo ndi bambo ake a Dolika, munthu wobatizidwa. Anabwerera ali fumbi lokhalokha, ndipo mumsika munalibenso amene ankaseka.

Kunyumba yachifumu kunali chisangalalo. A Chidyeretu anavekedwa mendulo chifukwa chopeza katundu wa mfumu. Mfumu inaizungulira firijiyo, n'kunena kuti ikuoneka yowonda kusiyana ndi ya pa chithunzi, komanso ili ndi ndevu. Nduna inayankha kuti zamakono zikubwera choncho kuti zisamadye malo. Anamuimika pakona m'chipinda chodyera, namumanga waya pakakolo, mbali ina ya wayayo n'kuilowetsa mu soketi. Mabotolo a zakumwa anawaika m'matumba a jekete lake ndi m'khwapa. Zakumwazo zinkatuluka zofunda, koma palibe anadabwa. Magetsi anali atachoka mu Tavomera mvula isanayambe, osatsanzika, ndipo firiji iliyonse mu ufumuwo inkatulutsa zofunda.

Etinesi anayambira ku Nyumba ya Maphukusi. Kalaliki anamumvetsera mwachifundo, kenako anamuloza Kadiso pankhongo n'kumuuza kuti akupepesa, misomali siiloledwa kupereka madandaulo. Atafunsa kuti nanga amaloledwa ndani, anamuyankha kuti anthu. Atafunsa kuti anthuwo ali kuti, kalalikiyo anati amene atsala ndi nduna ndi akazi awo, ndipo iwo alibe chodandaula.

Anakumbukira Nasibeko, mnzake wa kumvano, amene ankaphika kunyumba yachifumu. Nasibeko anamulowetsa kudzera kukhitchini atasenza dengu la tomato, pa nthawi imene akuluakulu anali kubwalo kukambirana za mtundu wa penti wa pa geti. Etinesi anali atakonzeka kukapeza mwamuna wofooka, wa maso olowa. Anapeza Yotamu masaya atatuluka, khungu likuwala.

Yotamu anamulandira monong'ona, namufotokozera kuti asadandaule kwambiri. M'mawa uliwonse ankamupukuta ndi kansalu konyowa. Dzuwa silinkamuomba, wa khonsolo sankamuthamangitsa. Nduna zinkakamba zinsinsi zawo iye ali pomwepo, poti palibe amaopa firiji, ndipo anali atamva zinthu zoti akanati azifotokoze mumsika, anthu akanasiya kugulitsa.

"Komanso, amake Dolika, chakudya chikatsala amandipatsa kuti ndisunge," anatero akusisita mimba. "Ndipo ndimasungadi."

Etinesi anamva kutentha kumaso. Iye anali asakugona, akuyenda m'maofesi mpaka zidendene kung'aluka, mdzukulu akufunsa agogo ake tsiku ndi tsiku, mayi wina akubwera pakhonde kudzalirira diresi la ukwati wa mwana wake limene linatsala lopanda mkono umodzi, pamene mwiniwake ali pano kunenepa ngati nkhumba ya Khirisimasi. Anatsegula pakamwa kuti amuuze zonsezi, maso ake n'kugwera pa waya uja. Anautsatira ndi maso kuchokera pakakolo mpaka pa khoma.

Nasibeko ndiye anaulula. Loweruka kunkabwera alendo ochokera ku ufumu woyandikana nawo, ndipo Nduna ya Magetsi inali italonjeza pamaso pa mfumu kuti tsiku limenelo magetsi ayaka, kuti alendowo akamwe zozizira. Yotamu anayang'ana mwendo wake. Botolo limodzi linapulumuka m'khwapa, Nasibeko n'kuliwakha lisanafike pansi. Kumumasula pomwepo sikukanatheka, chifukwa pa geti ankaloza Kadiso aliyense wotuluka, ndipo wakuba katundu wa mfumu ankapita kundende yosabwererako pamodzi ndi yense amene anamutsegulira chitseko.

M'mawa mwake Etinesi anapita ku ofesi ya Nduna ya Magetsi, a Kandulo. Ankayembekeza kubwezedwa ngati kale, koma mlonda atangowerenga kuti misomali, anatsegula geti mothamanga. Nduna inali ikumanga nyumba kumudzi kwawo, ndipo inalamula kuti zipangizo zikafika zisachedwetsedwe. A Kandulo anakhumudwa pang'ono kuona kuti misomaliyo ili ndi mpango kumutu, komabe anamulola kulankhula. Mu ofesimo munali mdima ndi kutentha, iwo akudzikupiza ndi faelo.

Etinesi anagwada, nawapempha ndi misozi kuti Loweruka asabweretse magetsi, poti firiji ya mfumuyo inali mwamuna wake.

A Kandulo anaika faelo pansi. Anati chiyambire ntchito anthu akhala akubwera kudzawapempha zosatheka, ndipo lero kwa nthawi yoyamba kwabwera nzika yopempha chinthu chimene unduna wawo umachidziwa bwino. Maso awo ananyowa.

"Mayi, dzukani. Ine ndakhala ndikulonjeza magetsi chibadwire ana anu. Munayamba mwawaonapo pa tsiku limene ndanena? Pitani mukagone mtima uli m'malo. Firiji yanuyo mukalamba nayo."

Etinesi anatuluka akuthokoza Mulungu chifukwa chopatsa dziko lawo atsogoleri odalirika. Anagulitsa tomato bwino masiku otsatirawo, nayambanso kudya.

Lachisanu masana mumsika munadutsa lole yachilendo, itanyamula chimakina chachikulu chopakidwa utoto wachikasu. Wabutchala, amene mphwake ankagwira ntchito pachipata cha m'malire, anafotokoza kuti imeneyo ndi jenereta. Alendo aja anali atatumiza uthenga kuti Tavomera amamudziwa, ndipo sabwera pokhapokha atatsogoza magetsi awoawo. Anthu anati amenewo ndiye alendo aulemu, mwina ulendo wina adzabweretsanso msewu. Etinesi sanaseke nawo. Jenereta sinkadziwa a Kandulo, ndipo inalibe chifukwa chophwanyira lonjezo.

Anazungulira mabenchi a amayi anzake mmodzimmodzi. Pa chikondwerero chilichonse amayi a mumsika ankatengedwa kukavina kunyumba yachifumu atavala nsalu za nkhope ya mfumu, ndipo Etinesi nthawi zonse ankazemba ponena kuti bondo likumuvuta. Ulendo uno anapempha yekha nsalu yake. Amayiwo atamva chimene ankafuna sanafunse zambiri. Wogulitsa usipa anangoti Yotamu ndi amene amadziwa kubisa mimba yake m'diresi, ndiye sangalole kuti aotchedwe.

Loweruka m'mawa nyumba yachifumu inali piringupiringu. Amisiri achilendo ankakoka mawaya kuchokera ku jenereta, a Chidyeretu akuyendayenda mendulo ili pachifuwa, thukuta lili kamukamu, chifukwa iwo okha pakati pa akuluakulu ndi amene ankadziwa bwino chimene chichitike firiji ikayatsidwa. Amayi analowa akuimba nyimbo yotamanda nzeru za mfumu, nauza woyang'anira mwambo kuti apeka ina yotamanda firiji, ndipo ayenera kukaiyesera pamaso pake. Woyang'anirayo anaona kuti ndi maganizo abwino, mpaka anakonza zokauza mfumu kuti anali ake.

Anamuzinga Yotamu, m'chiuno mukugwedezeka, nthungululu zili pakamwa. Pakati pa bwalolo Etinesi anagwada ndi kampeni kake kodulira anyezi. Mfundo ya waya inali yolimba, yomangidwa ndi msilikali. Kunja jenereta inatsokomola kamodzi n'kuzima. Amayi anakweza nyimbo. Etinesi anadula, wayayo n'kugwa. Anaumangirira pa mwendo wa kabati yamatabwa imene inali pafupi, kenako anagwira mwamuna wake pankhongo n'kumatula sitika ija pamodzi ndi tsitsi lake. Yotamu analuma mlomo osalira. Sitikayo anaimata pa kabati, mabotolo n'kuwandandalika pamwamba pake.

Ali pakati potuluka, Yotamu anacheuka kuyang'ana kukhitchini kumene kunkachokera fungo la nyama ya mbuzi, nayamba kunena kuti mwina akanadikira pang'ono. Etinesi anamutsina pamalo pamene ankadziwa kuti pamapweteka.

Pa geti panali Kopolo Dzoole. Analoza amayi mmodzimmodzi, Kadiso akulira: sopo, mababu, mipando ya pulasitiki, misomali. Atafika pa Yotamu, Kadiso anakhala chete. Analozanso, chete. Kopolo anayang'ana nkhongo yofiirayo, anayang'ana Etinesi, kenako anakweza maso kumwamba ngati akufuna kuona kumene mvula ichokere.

"Apa sipakudutsa munthu," anatero. "Ndipo amene sakudutsayo akafika kwawo akumbukire kuti zipi ya thalauza langa inathothoka."

Etinesi ndi Yotamu anali asanafike pa mlatho pamene jenereta inabangula. Waya uja unathetheka, kabati n'kugwira moto, moto n'kulumphira ku makatani. Mabotolo anayamba kuphulika motsatizana. Alendo, amene ankatsika kumene m'galimoto zawo, anayesa ndi mbali ya mwambo wowalandira, ndipo anaomba m'manja mpaka denga la chipinda chodyera linagwa.

Mfumu inalira pagulu. Inati mu ufumu wonse munalibe wina wokhulupirika ngati firiji ija, imene sinayankhepo mwano, sinapemphepo galimoto, ndipo inkasunga chakudya mosamala kotero kuti sichinkaonekanso. Inalamula kuti dziko likhale pa chisoni. A Chidyeretu analira kuposa onse, mpaka anachita kuwagwira, ndipo amene anali pafupi anati sanaonepo munthu akulira nkhope ikuwala chotero. A Kandulo analengeza kuti ngoziyo inachitika chifukwa cha magetsi achilendo, amene ndi aukali kwambiri pa katundu wa mu Tavomera, ndipo anakumbutsa mtundu kuti magetsi a unduna wawo sanaotchepo kanthu. Phulusa linaikidwa m'manda a mafumu. Tinsalu takuda tomanga pamkono pa malirowo anasoka ndi Yotamu, pakhonde lake lomwe lija.

Poyamba kusakhalapo kunamukomera. Wa khonsolo ankamudutsa osamuona. Koma chifuwa chitamugwira, a kuchipatala anati sangapime munthu amene kulibe, ndipo anamupempha kuti achoke pa benchi poti malo opanda munthuwo akufunika ndi odwala. Anatsokomola mpaka Etinesi anaona kuti akachedwa, mwamunayo asowadi zenizeni. Panafunika sitika ina. Kuchipatalako maambulera ndi misomali ankazilandira, bola Kadiso walira.

Anapita nayenso kwa kalaliki uja, atanyamula tomato wosankhidwa bwino. Sanabwere kudzadandaula, anatero, anangobwera kudzapempha kuti ulendo uno awerenge kaye sitika asanamate. Kalalikiyo anayang'ana tomatoyo, natseka chitseko, n'kupita nawo kuseri kumene makatoni otsala anaunjikidwa.

Katundu woyamba anali wa mankhwala a malungo. Etinesi anakana, nati ameneyo sangafike madzulo asanabedwe. Wina anali wa shuga, wina wa matayala a galimoto, wina wa nsapato zakumanzere zokhazokha. Iye ankangopukusa mutu. Chilichonse chinali ndi wina amene tsiku lina angachilakelake. Yotamu anakhala pansi akutsokomola, nanena kuti angomumata chilichonse, ngakhale cha wailesi, bola apite kuchipatala. Mkazi wake anamuuza kuti akhale chete, nkhongo ndi yake koma woyenda m'maofesi ndi wina.

Pansi penipeni, kukona kumene akangaude anamangako mudzi, panali katoni yaikulu yosatsegulidwa. Kalaliki anati katundu ameneyo anamupeza pomwepo pamene ankayamba ntchito, ndipo amene anamusiyira ntchitoyo anamupezanso pomwepo. Anapukuta fumbi ndi chigongono, naloza Kadiso. Sitikayo inali yachikasu ndi ukalamba, koma kachinthuko kanalira. Kalaliki anawerenga mokweza: mabuku a malamulo a dziko la Tavomera, opita kwa nduna zonse.

Etinesi anafunsa ngati pali amene anabwerapo kudzafunsa za katunduyo. Kalaliki anaganiza kanthawi, nayankha kuti sakukumbukira.

Etinesi anaimatula yekha sitikayo mosamala, naimata pankhongo pa mwamuna wake, n'kuisindikiza ndi chala chachikulu mpaka m'mphepete monse munagwira.

Chifuwa chija chinapola. Yotamu anasoka pakhonde la golosale mpaka maso anayamba kulephera kulowetsa ulusi mu singano, Etinesi akumuyang'anira ali pa benchi yake. Asilikali ankabwerabe mumsika ndi Kadiso nthawi ndi nthawi. Akafika pa iye n'kuwerenga zimene zatuluka pa galasi, ankabwerera m'mbuyo pang'ono, kenako ulendo wotsatira ankadzera mbali ina ya msewu. Nduna zinasinthidwa kangapo, ndipo mfumu inalowedwa m'malo ndi mwana wake, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatumapo lole kuti ikamutenge.